Amalume a Bonifasi ndi mawu a Chiwala

Amalume a Bonifasi tawaika m'manda sabata yathayi kuno ku Ntaja, ndipo a Damiano, mlamu wawo, anabwera. Ndayambira pamenepo chifukwa ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe. Anabwera atavala jekete yakuda, nakhala pampando wa kutsogolo ngati munthu woferedwa, mpaka kumapukuta m'maso ndi kampango. Ine ndinali pamphasa kumbali ya azimayi, ndipo nditangowaona misozi yanga inauma. Abambo mfumu analalikira bwino za kukhululukirana. Ndinamva zonse, koma mumtima ndinati akhululuke ena, ine ndine mwana wa mlongo wawo wa a Bonifasi, ndipo kwathu sitiiwala msanga.

Amalume anali achimwene awo a mayi anga, makaniko kuyambira unyamata mpaka pamene manja anayamba kunjenjemera. Anali munthu wamfupi wa makutu akuluakulu, ndipo makutuwo ankawakhulupirira kuposa masipanala onse a m'bokosi mwawo. Mukamacheza nawo minibasi n'kudutsa pamsewu, ankakusiyani mawu ali m'kamwa, n'kupendeketsa mutu, kenako n'kulengeza kuti imeneyo ku Liwonde sikafika. Nthawi zambiri inkafika ndithu, koma iwo sankafunsa. Ankasamba m'manja ndi mchenga wosakaniza ndi sopo waufa, komabe ngakhale pa Khirisimasi m'zikhadabo mwawo munkakhala mwakuda. Munthu womenyetsa chitseko cha galimoto ankamuda ngati wakuba, ndipo akakuona ukuchita zimenezo moni wako sankauyankha mpaka mwezi utatha.

Ankakonda kunena kuti mkwiyo uli ngati oyilo, sumautayira pansi, umausunga m'chitini chotseka bwino mpaka tsiku limene udzafunike. Mayi anga ankati amenewo si mawu a Mkhirisitu. Amalume ankayankha kuti kutchalitchi amapita, nyimbo amaimba, koma chitini chawo palibe amene adzawalande. Awiriwa ankakangana pafupifupi tsiku lililonse, kawirikawiri chifukwa cha nkhuku za mayi, zimene zinkakonda kuikira mazira pampando wa galimoto ya amalume.

Galimotoyo ndiyo nkhani yonse. Kanali kagalimoto kakale ka ku Mangalande, ka mipando iwiri, kopanda denga, kobiriwira, mimba yake yotsala pang'ono kukhudza pansi. Anthu anakapatsa dzina loti Chiwala. Amalume anakapeza ali mnyamata pa esiteti ya fodya pomwe ankagwira ntchito. Mzungu wapamenepo pobwerera kwawo anakasiya katafa, iwo n'kukadzutsa. Koma zaka zambiri za ukalamba wawo Chiwala chinakhala chete m'chigafa pambali pa nyumba yathu, ndipo chimene chinkawadzutsa amalume m'mawa uliwonse chinali chimodzi: kuchibwezera mawu ake, n'kukachiimitsa pamaso pa a Damiano, mlamu wawo.

Ndikati mawu sindikunena phokoso. Pamenepa amalume sankanyengerera munthu. Anyamata a kabaza a njinga zamoto, aja amachotsa sailensa kuti msika wonse uwatembenukire, ankawaimitsa pakati pa msewu n'kuwauza kuti ngakhale chitini cha miyala chimasokosa. Ankati mawu a galimoto amabadwira pa manifodi, chitsulo chija chimamangidwa m'mbali mwa injini, chimene chimalandira utsi kuchokera m'mabowo ake n'kuusonkhanitsira mu paipi imodzi ya ekizozi. Sailensa, iwo ankati, imangowaveka malaya mawuwo. Ndipo manifodi ndiyo imene Chiwala chinalibe.

Mmene chinaitayira ndinaona ndi maso angawa. Amalume anakwatira kwa Mposa, nakhala chikamwini kumudzi kwa akazi awo, azakhali a Rozina. Ntchito ankagwira kugalaja ku Liwonde, ndipo kunyumba ankabwerera Loweruka lililonse dzuwa litapendeka. Akafika pakamtsinje ka kuseri kwa mudzi ankatsitsa giya, Chiwala n'kulira mwa mtundu wake, mawu akuya ochokera pansi, ndipo azakhali ankadziwa kuti nthawi yoika madzi osamba pamoto yakwana. Ana a m'mudzimo ankathamangira kumsewu. Banjali silinakhale ndi mwana, koma ndinakhalako nawo kangapo pa tchuthi, ndipo sindinaonepo anthu awiri okondana mopanda mawu ambiri ngati amenewo.

A Damiano anali mlongo wawo wa azakhali, wamng'ono kwa iwo, koma ndiwo anali mwini mbumba. Mawu a galimoto aja ankawabaya mtima Loweruka lililonse. Ankadandaula poyera kuti mkamwini amayenera kulowa m'mudzi mwakachetechete, osati kuchita kulengezedwa ngati nduna. Azakhali ali moyo ankangong'ung'udza, chifukwa azakhali sanali munthu womusewera. Atamwalira, a Damiano sanadikire n'komwe kuti maluwa a pamanda afote.

Kusudzula mkamwini si chinthu chachilendo kwathu kuno, ndipo anthu aulemu amakuchita mwaulemu. Amamuthokoza munthu, kumumasula, ndipo ngati ndi wokalamba ambiri amamuuza kuti angokhala. A Damiano anaimirira pabwalo n'kunena kuti alamu awo alima munda zaka zonsezi osakolola kanthu, choncho palibe chowasungira pamudzipo. Ankanena za ana. Ananena zimenezo kwa munthu amene anali atangoika mkazi wake m'manda. Amalume anatenga zovala ndi bokosi la masipanala, koma Chiwala chinakana kulira chifukwa batire inali itatha mphamvu m'miyezi ya matenda. Anachisiya pansi pa mtengo wa mango n'kubwera ku Ntaja kudzafuna ina.

Pobwerera ndinawaperekeza. Atatsegula boneti anapeza m'mbali mwa injini muli pululu. Manifodi inali itagumulidwa ndi tchizulo, mabawuti atadukira m'kati. A Damiano anali pakhonde pawo, miyendo atapiringiza. Poyamba anati sakudziwa kanthu. Kenako, ngati munthu amene wangokumbukira, anati mphepo inkawavutitsa malata a pachimbudzi, ndiye anapeza chitsulo chongokhala pabwalo la mlongo wawo. Analoza ndi chibwano. Chinalidi pomwepo, pamwamba pa chimbudzi, chitapsinja malata pamodzi ndi miyala ndi tayala lakutha la njinga.

Amalume akanatha kukwera n'kuchitsitsa, ndipo ndi zimene a Damiano ankadikira, kuti mudzi wonse uone bambo wa imvi akukwawa pamwamba pa chimbudzi cha mlamu wake. Anachiyang'ana kanthawi, n'kutseka boneti pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse. Tinakabwereka ng'ombe ziwiri za pangolo. Chiwala chinatuluka m'mudzimo chikukokedwa ndi chingwe, amalume atakhala pachiwongolero, ine ndikuyenda pambuyo. Ana aja ankachithamangira anangoima m'mbali mwa njira. A Matilida, akulu awo a azakhali, anaima pakhomo pawo atagwira tsaya, osanena kanthu. A Damiano okha ndi amene anayankhula.

"Lero ndiye mwaphunzira ulemu, alamu. Mukutuluka mwakachetechete ngati mkamwini weniweni."

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero.

Munthu wina akanakonza galimotoyo mwezi womwewo, chifukwa chitsulo chotulutsa utsi sichisowa kwa makaniko. Amalume sankafuna chilichonse. Anatenga gasiketi yakale, imene imakhala pakati pa manifodi ndi injini, anaijambula pakatoni n'kudula mabowo ake, ndipo katoni imeneyo inayenda nawo m'thumba la jekete m'magalaja onse a ku Balaka ndi ku Liwonde, mpaka inafewa ngati nsanza. Injini ya Chiwala inali ya masilinda anayi koma mabowo a utsi atatu okha, chifukwa masilinda awiri apakati ankatulutsira pamodzi. Eni magalaja ankawaseka, ena ankawauza kuti angoikamo injini ya galimoto za masiku ano. Amalume ankawafunsa ngati iwo angalole kuikidwa lilime la munthu wina.

Yoyamba anaipeza ku Balaka, pamulu wa zitsulo zakutha. Inali manifodi yachitsulo cholemera chija chochita kuumba, yochokera pa kalole kakale, ndipo mabowo ake anatsala pang'ono kufanana. Anaipala ndi tupa kwa masabata, anachotsa mabawuti oduka aja mmodzimmodzi, anaimanga. Chiwala chinalira ndithu, ndipo mayi anga anawomba m'manja poganiza kuti nkhani yatha. Amalume anamvetsera, nazimitsa injini, n'kunena kuti galimoto ikunong'ona ngati munthu wopempha mchere. Yolimba inali yolimba, yoti ikanakhala mpaka kalekale, koma anaimasula n'kuiika pakona.

Yachiwiri inachokera ku Joni. Mchimwene wanga amagwira ntchito kumeneko, ndipo amalume anamuvutitsa pafoni mpaka anavomera kufufuza. Anatumiza chithunzi cha chinthu chonyezimira ngati poto watsopano, mapaipi opindika bwinobwino, ndipo ife tonse tinati ndi yomweyi. Itafika ndi anthu onyamula katundu, amalume anaifutukula, nawerenga milomo yake ndi chala. Inali inayi. Mchimwene wanga anangouza wogulitsa kuti injini ndi ya masilinda anayi, katoni ya amalume sanailabadire. Amalume sanamukalipire. Anaikoleka pamsomali m'chigafa, ndipo aliyense wobwera kudzacheza ankamuonetsa, n'kumuuza kuti umu ndi mmene zimaonekera zinthu zosankhidwa ndi maso.

Zikanapitirira choncho mwina mpaka imfa, koma kunabwera mphekesera yoti a Damiano akumanga chiliza cha azakhali, ndipo adzachitsegula anthu akakolola mpunga. Aitana achibale a ku Zomba ndi ku Blantyre, alankhula ndi abambo mfumu, abwereka tenti. Mwamuna wa malemu sanamuuze. Tsiku limene amalume anamva zimenezo sanadye. M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Balaka kukaonana ndi Che Yusufu, mnzawo wakalekale wowotcherera zitsulo.

Che Yusufu amapinda mapaipi mwachikale. Amadzaza paipi ndi mchenga wouma bwino, kutseka uku ndi uku ndi zitsekerero zamtengo, kuiwotcha pamakala mpaka itafiira, kenako n'kuipinda pang'onopang'ono pachitsa. Mchengawo umathandiza kuti paipi isaphwatalale popindikapo. Ukakhala wonyowa paipi imaphulika, choncho amalume ankaukazinga okha pachiwaya ngati mtedza. Anagwirizana zopanga ziwiri. Ina ya mapaipi aafupi, otakasuka, okumana msanga pafupi ndi injini. Ina ya mapaipi aatali, ocheperako, awiri a m'mbali okumana okha poyamba, wapakati n'kuyenda wokha mtunda wautali asanakumane nawo pansi pa galimoto. Kutalika kwake amalume ankayeza ndi chingwe, ndipo Che Yusufu akapinda mopitirira pang'ono ankayambanso.

Zonse zitatha ndi pamene amalume anazindikira chinthu chimene chinawasowetsa mtendere. Anandiuza ndikusoka pamakina anga pakhonde. Anati moyo wawo wonse Chiwala akhala akuchimva ali pachiwongolero, chifukwa sanalolepo munthu wina kuchiyendetsa. Mawu amene azakhali ankamva ali kunyumba, galimoto ili kutsidya kwa mtsinje, iwo sanawamvepo ngakhale kamodzi. Ndiye akanasankha bwanji? Pankafunika khutu la munthu amene ankakhala pafupi ndi azakhali Loweruka madzulo, ndipo munthu woteroyo anali mmodzi yekha.

A Matilida ankabwera kumsika wa Ntaja kudzagulitsa matemba ndi milamba youma ya ku Chilwa. Maso awo anali atachita ng'ala, moti ndalama ankazizindikira pogwira, koma pakamwa ndi m'makutu munalibe vuto. Kuyambira tsiku la ng'ombe lija amalume ankawalambalala, mpaka kusiya kudya milamba kumene. Tsiku limenelo anapita molunjika n'kuima patsogolo pa dengu lawo, chipewa chili kumutu.

"Alamu, tsiku lija munaima pakhomo osanena kanthu. Sindinabwere kudzakufunsani chifukwa chake. Ndabwera kudzabwereka makutu anu basi."

A Matilida anapitiriza kusanja nsomba zosanjika kale. Kenako anauza mayi woyandikana naye kuti awaonere dengu.

Tinawakhazika pansi pa mtengo kuseri kwa bwalo la mpira, amalume pambali pawo. Che Yusufu, amene anabwera kudzathandiza kumanga, ndiye anapatsidwa chiwongolero, atalangizidwa ngati mwana wopita kusukulu koyamba. Ankayambira kutsidya kwa kachigwa n'kutsitsa giya pokwera, monga amalume ankachitira pakamtsinje kaja. Kumasula manifodi yotentha n'kumanga ina si ntchito yachangu, choncho zinatenga masiku angapo a msika. Yolemera ija a Matilida anati ikumveka ngati chigayo cha kutali. Ya mapaipi aafupi anaimvetsera pang'ono, nagwedeza mutu, n'kunena kuti iyayi, imeneyo ndi ya mwana wopanda mwambo. Amalume ankangovomera, osatsutsa, chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu wina aliyense.

Tsiku la yaitali ija a Matilida anali atatsina fodya wawo wamphuno, dzanja lili m'mwamba. Chiwala chinalira kutsidya, mawu akuya, odukaduka pang'ono, ngati akuchokera m'nthaka. Dzanja lija linaima pomwepo. Anatembenuzira mutu kumanzere, kumene kunalibe munthu, nanena ndi mawu wamba, ngati akuyankhula kudutsa mpanda.

"Rozina, madzi."

Atazindikira zimene anena anadziphimba nkhope ndi chitenje. Tinamva pambuyo pake kuti iwo ndi amene ankayamba kumva galimotoyo Loweruka lililonse, n'kumuitana mng'ono wawo motero. Amalume anavula chipewa. Ine ndinayang'ana kumbali.

Che Yusufu sanakondwe ndi chisankhocho. Anagona pansi, nayeza ndi zala mpata wa pakati pa paipi ndi nthaka, n'kulumbira kuti msewu wa kwa Mposa uidya. Anakumbutsa amalume za malo ena amiyala owolokera madzi pamsewuwo, nawapempha kuti amange yaifupi, imene imabisala m'mwamba, popeza nayonso ili ndi mawu okwanira kudzutsa mudzi. Amalume anati sakupita kukadzutsa mudzi. Anati paipiyo ingowafikitsa, za kubwerera adzaziona pobwerera.

Tsiku lotsegula chiliza linali Loweruka. Amalume anavala suti yawo ya ukwati, imene inali itawakulira, ndipo ine anandiuza kuti ndikhale pampando winawo. Tinayenda ngati tanyamula mazira. Pa dzenje lililonse ndinkatsika n'kugwada kusuzumira pansi, ndikuwakodola ndi dzanja kuti abwere pang'onopang'ono, ndipo pamalo amiyala paja ndinachita kusenza miyala yathyathyathya kuyala njira. Njinga zakapalasa zinkatipitirira. Amalume sanatekeseke, ankangoyang'ana dzuwa. Ankafuna kufika pa nthawi yawo yakale, litapendeka.

Titafika pakamtsinje kaja anatsitsa giya. Zimene zinkachitika kumanda nthawi imeneyo ndinauzidwa ndi amene analiko. A Damiano anali ataimirira patsogolo pa tenti, chimkuzamawu chili m'manja, akufotokozera alendo mmene ankamukondera mlongo wawo. Mawu a Chiwala atamveka, azimayi achikulire a m'mudzimo anayamba kutembenuka mmodzimmodzi. Wina anayamba kulira. Anyamata ndi atsikana amene anali ana masiku aja anadzuka pamipando n'kulunjika kumsewu osadziwa n'komwe kuti adzuka. A Matilida ananena mokweza kuti mwamuna wa malemu wafika. Pamene ife tinkatulukira, theka la tenti linali litayang'ana kwa ife, a Damiano akuyankhula ndi misana ya anthu.

Ine ndinkaganiza kuti amalume aponda mafuta mpaka mawu a mlamu wawo asamveke, ndipo kunena zoona ndi zimene ndinkafuna. Sanatero. Anaima pamene njira imathera, kunja kwa manda, anachiliza kamodzi monga ankachitira pofika pakhomo, nazimitsa. Kunangoti zii. Anatsika, natseka chitseko pang'onopang'ono, nayenda pakati pa anthu chipewa chili m'manja, n'kukagwada pambali pa chiliza chimene chinali chikadali chofunditsidwa nsalu yoyera. Palibe amene anawaletsa.

A Damiano akanangokhala chete, mwina zikanathera pomwepo. Koma munthu amene uja kukhala chete sakudziwa. Anakweza chimkuzamawu n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni kuti anthu ena sadziwa ulemu wa kumanda. A Matilida anadzuka pamphasa. Chimkuzamawu iwo sanachifune.

"Damiano, iwe ukunena za ulemu? Chitsulo cha mwamuna wa Rozina chili pachimbudzi chako zaka zonsezi. Ndinakhala chete tsiku lija, lero iyayi. Nsalu iyi sichoka pachiliza chitsulocho chisanatsike."

Alendo a ku Zomba ndi ku Blantyre nkhaniyi sankaidziwa, ndipo anayamba kufunsana. Azimayi a mbumba anakhala pansi onse, a kwaya anatseka mabuku, amene ankaphika anasiya miphika pamoto n'kubwera kudzaonerera. Abambo mfumu anangoyang'ana nsapato zawo. A Damiano anayesa kuseka, anayesa kunena kuti nkhani za pabanja zikambidwa pambuyo, kenako anakodola mnyamata wina kuti akachitsitse. A Matilida anati amene anachikweza ndi yemweyo akachitsitse.

Kuchokera kumanda kufika kunyumba kwa a Damiano si patali, ndipo gulu lonse linawatsatira. Makwerero panalibe, anachita kuwaikira mtondo. Anakwera ndi suti yawo, bondo limodzi pamalata, malatawo akulira ndi kubendera m'kati, dzanja likufufuza pakati pa miyala. Chitsulocho n'cholemera, moti potsika anachita kuchikumbatira, dzimbiri ndi zitosi za mbalame n'kupakika pamalaya awo oyera. Panalibe woseka, ndipo zimenezo ndi zimene zinandikoma kwambiri, chifukwa kuseka kukanawapeputsira. Anachinyamula motero mpaka pagalimoto, pamene amalume anali atabwerera kukaima. Amalume anachilandira, nachitembenuza, nayang'ana mng'alu umene tchizulo inasiya.

"Mwasunga bwino, alamu," anatero.

Chiliza chinatsegulidwa amalume ataima kutsogolo, ndipo ngodya imodzi ya nsalu anagwira ndi iwo. Chakudya sanadye. Tinanyamuka chitsulo chili pamiyendo panga, nditachiyalira chitenje. Pamalo amiyala paja miyala yanga inali itasunthidwa ndi ngolo, ndipo zimene Che Yusufu ananena zinachitika. Tinamva kukhula, kenako kuthyoka, Chiwala n'kuyamba kubangula ngati njinga za anyamata aja. Amalume anazimitsa msangamsanga. Ndinawayang'ana ndi mantha, koma iwo anali akuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, koyamba kuchokera pa maliro a azakhali. Tinabwerekanso ng'ombe kuti zitikokere kumsewu waukulu, ndipo ulendo uno anakhala pachiwongolero akuimba mluzu njira yonse.

Che Yusufu anadzipereka kangapo kuti awotcherere paipiyo, kapena amange yaifupi ija kuti galimoto iziyendabe. Amalume anakana, anati Chiwala chinanena kale zimene chinkafuna kunena. Mvula yoyamba itabwera ndi mphepo yake tinamva kuti malata a chimbudzi cha a Damiano anakapezeka m'munda wa chinangwa. Amalume anapempha tiyi, nawonjezera shuga.

Wina asaganize kuti pamenepo anakhululuka. Mayi anga anayesetsa, makamaka matenda atakula, kuwauza kuti munthu sapita kwa Mulungu atanyamula chitini. Iwo ankati Mulungu analipo tsiku la ng'ombe lija, safunika kumufotokozera. Masiku awo omaliza anandiitana n'kundipatsa malangizo awiri. Galimoto ipite kwa Che Yusufu. Ndipo a Damiano akadzabwera kumaliro, chifukwa ankadziwa kuti munthu wokonda kuonekera ngati uja sangalephere, tidzawalandire bwino n'kuwapatsa mpando wa kutsogolo, woyang'anizana ndi chigafa.

Ndinachita monga anandiuzira. Mpando uja ndinauika ndekha, ndipo chitsulo cha pachimbudzi chija ndinachikoleka pansanamira ya kutsogolo kwa chigafa, pamalo oti munthu wokhala pampandowo akangodzutsa mutu akumane nacho. Mwambo unali wautali. A Damiano anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, anabisa nkhope m'kampango kawo, ndipo anthu osadziwa ankati bamboyo wagwidwa chisoni. Ochokera kwa Mposa ankadziwa, ndipo a Matilida, amene saonanso n'komwe, anafunsa mokweza ngati chitsulo chija chili pomwe anamva kuti chili. Kumanda a Damiano sanafike, akuti mutu unawapweteka.

Dzulo Che Yusufu anabwera ndi lole kudzatenga Chiwala. M'chigafa mwatsala timaenje tinayi pamene matayala anakhala zaka zonsezi, ndi banga lakuda la oyilo pakati pake. Manifodi yonyezimira ya ku Joni ikadali pamsomali, yolemera ya ku Balaka ili pakona pamene anaisiya, ndipo katoni yofewa ija ndinaipeza itasomekedwa kudenga. Nkhuku za mayi zimalowa, n'kuzungulira pamene panali mpando, n'kutulukanso. Minibasi zikudutsa pamsewu popanda wozineneratu kumene zikafere. Chitsulo chija chikadali pansanamira, ndi dzimbiri lake la pamalata, chifukwa amalume sanalole kuti chitsukidwe. Mayi akuti ndichichotse, ndichipereke kwa anyamata ogula zitsulo zakutha. Ndawauza kuti a Damiano akadali moyo, ndipo msewu wopita kuchipatala umadutsa pakhomo pathu pomwepa.